Katumbu wabwerera, koma minki wakana kusamuka

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ku Britain kuli mlendo wina yemwe adafika m'chaka cha 1929 ndipo mpaka lero sadatsanzike. Mlendoyu ndi kanyama kotchedwa minki, komwe kwawo ndi ku North America. Kwa zaka pafupifupi 70 tsopano, kanyamaka kakhala kakulimbirana mitsinje ndi katumbu, yemwe ndiye mwini malo.

Katumbu ndi wosachita kufunsa kwa asodzi a kunyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire. Wa ku Britain ndi m'bale wake wa katumbu wathuyu, ndipo wamwamuna amalemera makilogalamu pafupifupi 10. Minki ndi wamng'ono kwambiri. Maonekedwe ake akunga likongwe, ubweya wake ndi woderako ndiponso wonyezimira, ndipo wamwamuna amangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi.

Ubweya wonyezimirawo ndiwo udabweretsa mavuto. Amalonda adaitanitsa aminki kuti aziweta m'makola ndi kumasoka zikhoti zodula kuchokera ku zikopa zawo. Ena mwa aminkiwo ankathawa, ena ankangotayidwa bizinesi ikagwa. M'chaka cha 1956 kudatsimikizika kuti ayamba kuswana kutchire, m'mbali mwa mtsinje wa Teign m'chigawo cha Devon.

Nthawi yomweyo akatumbu adayamba kusowa. Alenje omwe ankasaka katumbu ndi agalu ndiwo adali pakati pa oyamba kuzindikira izi, chifukwa ankayenda tsiku lonse osapeza kanthu. Anthu ambiri adaloza chala minki. Zinkaoneka zomveka ndithu: mlendo wafika, mwini malo wasowa, ndiye wolakwa angakhalenso ndani?

Koma mlandu udali wa anthu. Pakati pa zaka za m'ma 1950 alimi adayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo otchedwa dieldrin ndi aldrin. Ankapaka mankhwalawa ku mbewu ya tirigu ndiponso kuwathira m'dibi la nkhosa. Mvula inkawakokolera m'mitsinje, nsomba zinkawamwa, ndipo katumbu, yemwe amadya nsomba tsiku ndi tsiku, ankasonkhanitsa poizoniyo m'thupi mwake mpaka kufa kapena kuleka kubereka. Minki sadathamangitse katumbu ayi. Adangopeza nyumba ilibe mwini, n'kulowamo.

Pomwe akatswiri adachita kalembera woyamba wa akatumbu ku England pakati pa 1977 ndi 1979, zotsatira zake zidali zomvetsa chisoni. Kalembera wake ndi wovuta pakuti katumbu saoneka wamba. Ofufuza amayenda mamita 600 m'mbali mwa mtsinje kufunafuna mapazi ndi ndowe zomwe nyamayi imasiya pamiyala ndi pansi pa milatho. Mwa malo 100 alionse omwe adayendera, adapeza zizindikiro m'malo 6 okha.

Boma lidateteza katumbu ndi lamulo m'chaka cha 1978 ndipo kusaka nyamayi kudatha ku England ndi Wales. Alenje ena sadafune kusiya agalu awo akungogona, choncho adatembenukira kwa minki. Mankhwala aja adaletsedwa pang'onopang'ono mpaka kutheratu m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la Otter Trust nalo lidayamba kuweta akatumbu ndi kuwamasula m'mitsinje, ndipo pakati pa 1983 ndi 1999 lidamasula akatumbu 117.

Zinthu zidasintha. Kalembera wa 2009 mpaka 2010 adapeza zizindikiro za katumbu m'malo pafupifupi 59 mwa 100 alionse, ndipo m'chaka cha 2011 bungwe la boma loona zachilengedwe la Environment Agency lidalengeza kuti katumbu wabwerera m'zigawo zonse za England. Chigawo chomaliza chidali Kent.

Apa m'pomwe nkhani idafika pokoma. Mwini nyumba wabwera, wapeza mlendo atatambalala pamphasa yake. Kodi zitha bwanji?

Laura Bonesi ndi David Macdonald, akatswiri a pa yunivesite ya Oxford, adatsata zomwe zidachitika kumtunda kwa mtsinje wa Thames akatumbu atamasulidwa kumeneko m'chaka cha 1999. Zomwe adasindikiza mu 2004 zidaonetsa kuti zizindikiro za minki zidachepa m'malo momwe katumbu adakhazikika. Kafukufuku wina wa Bonesi ndi anzake adapeza kuti komwe akatumbu achuluka, minki amachepetsa kudya nsomba n'kuyamba kudalira nyama zakumtunda monga akalulu, mbewa ndi mbalame.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'madzi katumbu alibe mnzake. Zala zake n'zolumikizana ngati za bakha, mchira wake ndi wamphamvu, ndipo ndevu zake zimamuthandiza kumva nsomba ngakhale m'madzi avundu. Minki amasambira ndithu, koma sangapikisane naye, ndipo akakumana pagombe wamng'onoyo ndiye amapatuka. Mwayi wa minki ndi woti sasankha ndiwo. Nsomba zikavuta amakwera kumtunda, ndipo ngakhale khola la nkhuku salilambalala.

Ambiri okonda zachilengedwe adasangalala msanga. Ankaganiza kuti katumbu awagwirira ntchito yochotsa minki ulere, popanda msampha kapena mfuti. Chiyembekezocho chidapitirira muyeso.

M'chaka cha 2009 Lauren Harrington ndi anzake, a ku Oxford komweko, adasindikiza zomwe adapeza atayerekeza aminki a kumtunda kwa Thames a m'zaka za m'ma 1990 ndi a m'zaka za m'ma 2000. Aminki adali akadalipo. Chomwe chidasintha ndi nthawi yoyendera. Kale ankasaka usiku, koma akatumbu atabwerera, pamodzi ndi kanyama kena ka mtundu wa kanyimbi komwe nakonso kamayenda usiku, aminki adayamba kusaka masana. Adali owondako, koma adali moyo. Kunena kwina, adangogawana nthawi: wina usiku, wina usana, mtsinje womwewo.

Pali chinanso chomwe chimakomera minki. Wamkazi amaswa ana 4 mpaka 6 chaka chilichonse ndipo anawo amadziimira paokha pakangotha miyezi yochepa. Katumbu amaswa awiri kapena atatu, ndipo amakhala nawo pafupifupi chaka chathunthu akuwaphunzitsa kugwira nsomba.

Wovutika kwenikweni pamkanganowu ndi wina. M'mbali mwa mitsinje ya ku Britain mumakhala mbewa yaikulu ya m'madzi, yomwe imadya udzu ndi bango ndipo imakumba una m'gombe. Adani ake akale inkawazemba podumphira m'madzi kapena kuthawira kuuna. Kwa minki njira zonse ziwirizi sizithandiza: amasambira, ndipo wamkazi ndi wochepa thupi moti amalowa muuna momwemo. Minki mmodzi woyamwitsa angathe kumaliza mbewa zonse za dera lake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mbewazi zidali zitatha m'malo pafupifupi 9 mwa 10 alionse momwe zinkapezeka, ngakhale kuwonongeka kwa madambo nakonso kudathandizira. Ndipo minki wothamangitsidwa m'madzi ndi katumbu amathera pagombe pomwepo, pomwe mbewazi zimakhala.

Kuweta nyama pofuna zikopa kudaletsedwa ku England ndi Wales ndi lamulo la m'chaka cha 2000, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2003. Lamuloli lidabwera mochedwa. Mu 1998 anthu omenyera ufulu wa nyama adali atatsekulira kale aminki pafupifupi 6,000 pafamu ina ku Ringwood, m'chigawo cha Hampshire, ati powachitira chifundo.

Ntchito yatsalira anthu. M'chaka cha 2002 bungwe la Game Conservancy Trust lidapanga kabwato koyandama, kokhala ndi kamphanga pamwamba pake ndi dongo lofewa mkati. Minki ndi wachidwi, sadutsa mphanga osasuzumira, choncho amasiya mapazi padongopo. Mapazi akaoneka, m'pomwe amatchera msampha wogwira nyama yamoyo.

Njirayi yapita patsogolo kummawa kwa England, komwe bungwe la Waterlife Recovery Trust, lotsogozedwa ndi Tony Martin, lidatchera misampha mazanamazana. Misamphayi imatumiza uthenga pafoni chitseko chikangotsekeka, ndipo nyambo yake ndi fungo lochokera m'thupi la minki mnzake. Kumayambiriro kwa 2024 bungweli lidalengeza kuti m'chaka cha 2023 silidapeze umboni uliwonse woti minki adaswana m'dera lalikulu la zigawo za Norfolk ndi Suffolk.

Otchera misamphayi amasamala chinthu chimodzi. Khomo la msampha amalichepetsa dala ndi tizitsulo, kuti minki alowe koma katumbu akanike.