Molasesi m'dimba: amadyetsa nthaka, koma si feteleza

Amene mudayendapo pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza mukuudziwa mtsinje wa Diamphwe, womwe timawoloka tikapitirira Nathenje. M'madambo a kumeneko mpaka ku Mitundu muli madimba a tomato, kabichi, mpiru ndi nzimbe. Madzi a Diamphwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja yathu ku Salima. Vuto la alimi a kumtundako ndi lathu lomwe: chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lasanduka la anthu ochepa. N'chifukwa chake ambiri akufunsa ngati molasesi angalowe m'malo mwa feteleza.

Yankho lake n'lakuti ayi, koma ntchito yake ilipo ndithu.

Molasesi, amene ena amati manyuchi, ndi madzi akuda onanda amene amatsala akamapanga shuga ku Dwangwa, ku Nchalo ndi ku Salima. Wambiri amapita ku EthCo ndi ku PressCane kukapangira ethanolo, wina amadyetsa ng'ombe. Payekha molasesi si mowa, ndi zotsalira za nzimbe basi. Pafupifupi theka lake ndi shuga. Mulinso potaziyamu, amene amathandiza tomato kubereka bwino, koma nayitirojeni, uja timamufuna mu Urea, ndi wochepa zedi.

Tsono mbewu sizidya shuga wothiridwa pansi. Amadya shugayo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka, tomwe timawoletsa mapesi ndi ndowe kuti zisanduke chakudya cha mizu. Tikatipatsa shuga timaswana msanga, ndipo manyowa amapsa mwachangu. Apa mpamene pali msampha. Tizilomboto tikachuluka timafunanso nayitirojeni, ndiye ngati m'nthaka mulibe ndowe timalanda yemwe akanadya mpiru wathu. Pakapita masiku masamba amachita chikasu, mlimi n'kumati molasesi ndi poizoni, chikhalirecho wachita kuonjeza. Dothi lowuma lopanda manyowa, molasesi salipindulira kanthu.

Muyeso wake ndi wochepa. Mu keni ya malita 10 sungunulani masipuni aakulu awiri, thirani pansi mozungulira mbewu, osati pamasamba, kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu. Bedi likhale loti mudathiramo kale manyowa. Pa mulu wa kompositi mutha kuwaza madzi omwewo pa gawo lililonse pamene mukusanja. Mukaona nyerere zachuluka, siyani kaye. Kumene molasesi sapezeka, madzi ofinya ku nzimbe amagwira ntchito yomweyo, ndipo shuga wa tiyi musawononge ayi.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene anzathu a ku Diamphwe alibe, chifukwa nayitirojeni tili naye pa doko. Matumbo ndi mitu ya chambo kapena mlamba, ngakhalenso usipa umene waonongeka pa thandala nthawi ya mvula, zonsezi ndi chakudya cha mbewu. Duladulani kilo imodzi ya zotsalirazo, zosathira mchere, musakanize ndi kilo imodzi ya molasesi m'chidebe. Chidebe chisadzaze, ndipo chivindikiro chisathine kuti mpweya uzituluka. Ikani pamthunzi, posafika agalu ndi ana, kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Shugayo amachititsa kuti nsomba zisase m'malo movunda, motero fungo limakhala lowawasa, osati la chinthu chakufa. Kukanunkha zowola, dziwani kuti molasesi adachepa, onjezerani. Zikasungunuka sefani ndi chiguduli, muzithira masipuni awiri mu keni ya malita 10.

Chenjezo lalikulu n'la madzi. Shuga amene amaswanitsa tizilombo m'dothi amachita chimodzimodzi mumtsinje, ndipo tikaswana timatha mpweya umene nsomba zimapuma. Mu Seputembala 2013, pa doko la Honolulu ku America padatayikira matani pafupifupi 1,400 a molasesi, ndipo nsomba zikwizikwi zidafa ndi kubanika. Choncho musatsukire zidebe mumtsinje, m'damu la nsomba kapena kugombe. Wa ku Diamphwe akumbukire kuti zimene wataya zimatsikira kwa msodzi wa ku Salima, nafenso tisaipitse malo oswanirana chambo.

Musayambe ndi dimba lonse. Konzani mabedi awiri a mpiru, onse a manyowa ofanana, limodzi muzithira molasesi, linalo ayi. Pakatha milungu inayi yerekezani masamba ndi kuchuluka kwa zothyola, kenaka mudzauze anzanu zimene mwaona ndi maso anu.