Ziro wothawa mu Excel

Alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Mulanje, monga a Sukambizi omwe amagulitsa masamba ku Lujeri, alipo masauzande. Tiyerekeze kuti kalaliki walemba mu Excel dzina la mlimi aliyense, nambala ya foni ndi makilogalamu amene wathyola, ndipo akufuna kuzisamutsira mu pulogalamu yokonza malipiro.

Njira yodziwika ndi kusunga fayilo ngati CSV: mlimi mmodzi mzere umodzi, mpatuliro n'kumalekanitsa dzina, nambala ndi makilogalamu.

Apa ndiye ine ndimati tsegulani maso. Nambala zathu zimayamba ndi ziro, 099 ya Airtel, 088 ya TNM. Excel imayesa ndi masamu, ndiye ziro wakutsogoloyo imangomutaya, poti pa masamu 099 ndi 99 n'chimodzimodzi. Manambala 10 aja atsala 9! Pulogalamu ikhoza kukana mzerewo, mayi wathyola tiyi mwezi wathunthu n'kumangodikira ndalama.

Mankhwala ake? Musanalembe manambala, sankhani kolamuyo muyiike pa Text. Mukasunga CSV, yang'anirani mu Notepad, chifukwa mukaitsegulanso ndi Excel pongodina kawiri, ziro uja athawanso.