Mapazi Otayika Pakati pa Citsime ndi Mabedi

Ophunzira athu atsopano amadabwa pamene, pa tsiku loyamba la phunziro la kayendetsedwe ka famu, tiwalanda makasu ndi kuwapatsa pepala ndi pensulo. Timawaimika m'mphepete mwa dimba kwa ola lathunthu kuti angoyang'ana mnzawo akuthirira, ndi kujambula mzere paliponse pamene wapita. Ena amaganiza kuti tikuwaseweretsa, motero nkoyenera kuti tifotokoze kumene mwambo umenewu unacokera.

Unacokera ku Japan, m'fakitale ya magalimoto ya Toyota. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, kampaniyo inalibe ndalama zounjikira zitsulo monga anali kucitira makampani a ku America. Injiniya wake, Taiichi Ohno, anayamba kufunsa pa nchito iliyonse ngati wogula galimoto angavomere kuilipira. Cimene wogula sangalipire anacicha kuwononga, ndipo anakupeza m'mitundu 7: kupanga zoposa zofunika, kudikira, kusamutsa katundu popanda cifukwa, kugwira nchito yopitirira muyezo, kuunjika katundu, kuyendayenda kwa wanchito, ndi kupanga zolakwika. Kumanenedwa kuti anali kulemba mzere wozungulira pansi ndi coko, n'kuimikamo mainjiniya acinyamata kufikira ataona okha pamene nthawi inali kutayikira.

Mu 1988 wofufuza wa pa yunivesite ya MIT ku America, John Krafcik, anapatsa njira imeneyi dzina la Cingelezi lakuti lean, monga thupi lopanda mafuta osafunika, ndipo buku la James Womack ndi Daniel Jones la mu 1996 linaifalitsa kwambiri. Lero imaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri kwa ophunzira zauinjiniya ndi zamalonda. Koma aphunzitsi ake anazindikira kuti pa bolodi pokha siimveka. Amaika ophunzira pamzere kuti apinde ndege za mapepala, ayese nthawi, asinthe cinthu cimodzi cabe, ndi kuyesanso. Kukonza pang'onopang'ono kosalekeza kumeneku ndiko kumene a ku Japan amacha kaizen.

Ife sitifunikira ndege za mapepala, pakuti dimba tili nalo. Tiyerekeze kuti citsime cili pa mapazi 60 kucokera pa mabedi, ndipo mlimi atunga maulendo 40 m'mawa umodzi. Kupita ndi kubwera, wayenda mapazi 4,800, ndipo theka lake wanyamula ndowa zopanda kanthu. Wogula repu pamsika sadzawonjezera ngwee ngakhale imodzi cifukwa ca ulendo umenewo. Mankhwala ake sayamba ndi ngongole ya pampu. Bedi la mbande, limene limafuna madzi kawirikawiri, lisendezedwe pafupi ndi citsime. Udzu wophimba nthaka ucepetse maulendo. Kenaka pepala lijambulidwenso kuti tione ngati zathandizadi. Zikapanda kuthandiza, tibwerere pakale popanda manyazi.

Ohno anali kuona kupanga zoposa zofunika kukhala koipa kuposa kuwononga kwina konse, ndipo aliyense amene anakhuthulako matimati owola m'ngalande adzamuvomereza. Kufesa mbewu yonse tsiku limodzi kumabweretsa mabokosi onse pamsika mlungu umodzi, pamene anansi nawonso abwera ndi awo. Kufesa pang'ono milungu iwiri iliyonse ndi nchito yosasangalatsa maso, koma kumagwirizana ndi zimene ogula amadya. Mlimi wina wa ndiwo zamasamba ku Indiana, Ben Hartman, analemba buku mu 2015 lofotokoza mmene anagwiritsira nchito nzeru zimenezi pa famu yake yaing'ono.

Komabe pali malo amene timasiyana ndi a m'fakitale. Kwa iwo katundu wosungidwa ndi ndalama yogona. Kwa ife cimanga ca m'nkhokwe ndi moyo wa banja m'mwezi wa February, pakuti mvula imabwera nyengo imodzi pacaka. Ndiponso kupuma sikuli pakati pa mitundu 7 ija. Tili ndi masiku 6 ogwira nchito, ndipo mlimi amene Cisanu madzulo akali kuthamanga ndi ndowa, dzuwa lili kulowa, kawirikawiri maola ake sanathere pa ulesi koma pa njira ya ku citsime.

Inu amene munatsiriza kale maphunziro, pa Sondo likudzali patsani mwana pepala kuti akujambuleni pamene mukuthirira, ndipo mutitumizire cimene mudzasintha coyamba.