Kuphunzitsa Ana Kupeka Nyimbo Zodzudzula ku Mchengautuwa

Nyimbo yodzudzula ndi imene woyimba amatchulamo zolakwa za anthu audindo kapena vuto limene likusautsa anthu, n'cholinga choti omvera aliganizire ndiponso kuti wolakwayo amve. Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu amene akufuna kuphunzitsa luso limeneli safunika kusaka zitsanzo kutali, chifukwa ana ambiri m'derali ndi ochokera m'mabanja a Atumbuka, momwe amayi akhala akudandaula za nkhanza za m'banja ndi za matchona, amuna opita kukagwira ntchito kunja osabwerako, kudzera m'nyimbo za pamtondo ndi za vimbuza, gule wochiritsa amene bungwe la UNESCO linamupatsa ulemu m'chaka cha 2005.

Chachikulu chimene nyimbo zimenezi zimaphunzitsa ndi kuphiphiritsa, kutanthauza kunena nkhani mobisa mwakuti mwini wake amadzimva yekha ngakhale sanatchulidwe dzina. Luso limeneli linakula kwambiri mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu zoletsa nyimbo, mabuku ndi zisudzo, ndipo ngakhale mlakatuli Jack Mapanje, katswiri wobisa mawu, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, Lucius Banda wa ku Balaka, amene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1994, anayamba kulankhula mosapita m'mbali m'malo mwa amphawi, koma imfa ya woyimba Evison Matafale ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 inasonyeza kuti kudzudzula kunali kudakali ndi mtengo wake. Anthu a ku Mzuzu akudziwa zimenezi, popeza ena mwa amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anaikidwa m'manda a ku Zolozolo.

M'kalasi, ntchito imayenda bwino ikayamba ndi dandaulo limodzi looneka ndi maso, monga matope a m'misewu nyengo ya dzinja kapena kuchepa kwa mabuku, osati mawu aakulu monga umphawi, amene saluma aliyense. Kenako ophunzira amapeka mzere waufupi wovomera, umene gulu lonse lingaugwire litangoumva kamodzi, ndipo wotsogolera amasinthasintha mawu ake pamwamba pake monga zimakhalira m'magule. Chitumbuka chisamaletsedwe, pakuti woyimba Wambali Mkandawire anafika nacho kutali.

Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula, koma ophunzira ayenera kusiyanitsa kudzudzula ndi kutukwana kapena kunamizira munthu. Nayenso mphunzitsi asamalembere ana mawu, chifukwa kale ana a sukulu ankayimbitsidwa nyimbo zotamanda Pulezidenti Kamuzu zimene sanapeke okha, ndipo kuwayimbitsa madandaulo a mphunzitsi kapena a chipani chake n'kubwereza cholakwa chomwecho.