Tchuthi cha M'chisanu kwa Agogo

Mwezi wa July ukafika ku Dedza, ngakhale tambala amalira mwaulesi. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,600 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo m'midzi yozungulira mame a m'mawa amachita kuluma zala. Inali nyengo yotere pamene mtsikana wina wa zaka 20, wophunzira pa koleji ina ku Lilongwe, anatsika basi ndi chikwama chake kudzakhala tchuthi kwa agogo ake amene anamlera.

Anafika ali wotopa, koma kutopako sikunali kwa ulendo. Ku koleji anazolowera kugona tambala woyamba ali pafupi kulira, maso ali pa foni kapena pa mabuku, ndipo m'mawa ankathamangira m'kalasi asanadye kanthu. Baibulo lake linali pansi pa sutikesi, ndipo pemphero linasanduka la pa nthawi ya mayeso yokha. Iye mwini sanakondwe nazo. Tsiku lachiwiri anatenga kope lotsala nalemba pa tsamba loyamba zinthu zochepa: kugona 9 koloko, kudzuka 5 koloko, kuwerenga Mau a Mulungu ndi kupemphera asanagwire foni, kudya phala asanapite kudimba, ndiponso kulemba madzulo ali onse mizere iwiri kapena itatu ya zimene waona tsikulo.

Sabata yoyamba inavuta. Chimene chinamthandiza si kulimba mtima kokha ai. M'mudzimo mulibe magetsi, ndipo kutchajitsa foni kunkafuna ndalama ndi ulendo. Kudzuka m'mawa kunayamba kukoma pamene agogo, amene maso awo anali atayamba kuchita chidima, anampempha kuti aziwawerengera. Buku lake linali Buku Lopatulika lakale, la kumasulira kuja kumene kunatsirizidwa m'chaka cha 1922, mmene muli "c" pamene lero timalemba "ch". Mtsikana wa ku koleji ankapunthwa, agogo namamkonza pamtima.

M'kope muja munayamba kubwera mzere umodzi kawiri-kawiri: wadzuka mutu ukuwawa, ndi chizungulire. Mlongo wake wa zaka 12 ankadandaula zomwezo. Tsiku lina makala anatha, banja linagona lopanda moto, ndipo m'mawa onse anadzuka ali bwino. Apa m'pamene anayang'anitsa mbaula imene inkagona nawo m'nyumba, chitseko chili chotseka, kazenera katatsekedwa ndi nsanza.

Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amati apsa bwino ndipo alibe choopsa, amautulutsabe. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino, kotero kuti ubongo ndi mtima zimasowa mpweya ngakhale munthuyo akupuma. Woupuma amamva mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo; amene wagona kale angathe kupitirira osadzukanso. Makanda, amayi apakati ndi okalamba ndiwo amayamba kugonja. Munthu wopezeka atafooka m'nyumba yotere ayenera kutulutsidwa panja msanga ndi kuthamanga naye kuchipatala, ngakhale ataoneka ngati watsitsimuka.

Zonsezi mtsikanayo ankazidziwa, koma kanenedwe ndiko kanamlaka. Anayankhula ali chiimire, pamaso pa mwana.

"Agogo, mbaula imeneyi itipha. Kodi simudziwa?"

"Mwanawe, ndakulera ndi moto womwewu," anatero agogo. "Lero sukulu yakuuza kuti ndine wakupha?"

Kwa masiku awiri m'nyumbamo munali zii, ndipo kuwerenga kwa m'mawa kunaima. Ophunzira ambiri amathera pamenepa: amati akumudzi ndi osamva, nabwerera ku tauni ali olungama m'maso mwao, mbaula ili chikhalire pakati pa nyumba. Mtsikanayu analemba m'kope kuti ananena zoona koma mwachipongwe. M'mawa mwake anagwada napepesa, ndipo za mbaula sanazitchulenso. Anangoitenga ntchitoyo kukhala yake. Banja likatha kudya linkaotha moto chitseko chili chotsegula pang'ono, kenaka iye ankanyamula mbaula kupita nayo panja naizima ndi madzi. Bulangeti lake la ku koleji anawafunditsa agogo, nawaikira kumiyendo botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chitenje. Nsanza za pazenera anazichotsa pang'ono-pang'ono. Agogo anaona zonsezi osanena kanthu, kufikira usiku wina pamene mtsikanayo anaiwala, iwo eni namkumbutsa.

Kudzuka 5 koloko kunamuonetsanso china chimene wogona mpaka dzuwa litakwera sakanachiona. Agogo ankatsokomola kwambiri m'bandakucha, ndipo chitenje chao chinkanyowa ndi thukuta usiku wozizira chotero. Nsima ankangoinyema pang'ono. Iwo ankati ndi chimfine cha chisanu. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo m'kope lake nawerenga masiku: chifuwacho anali atachilemba koyamba masiku 16 apitawo.

Chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena masiku khumi. Chifuwa chofika masabata awiri, makamaka chikatsagana ndi thukuta la usiku, kutentha thupi, kuonda ndi kusafuna kudya, chingathe kukhala chifuwa chachikulu, chimene ambiri amachitcha TB. Tizirombo take timayenda mumpweya pamene wodwala akutsokomola, ndipo timakhalitsa m'chipinda chosapita mphepo ndi chosalowa dzuwa. Nyumba yotsekedwa chifukwa cha chisanu imasunga tizirombo monga momwe imasungira mpweya wa makala.

Ulendo uno mtsikanayo sanaime pakati pa nyumba kuti aphunzitse. Agogo anali atanena kale kuti Mulungu ndiye sing'anga wao, ndipo iye sanafune kutsutsa mau amene iyenso amawakhulupirira. Anapita mwakachetechete kwa mayi wina wa Chigwirizano, mnzao wa agogo kutchalitchi, amene anadwalapo nthendayi nachira. Mayiyo anabwera madzulo ngati wodzacheza chabe. Anawafotokozera kuti pa kudwala kwake ankapemphera m'mawa uli wonse, akatero nameza mankhwala, ndipo sanaonepo kuti ziwirizi zikulimbana. Tsiku lachitatu agogo anamanga duku napempha kuti awaperekeze.

Kuchipatala anapatsidwa kabotolo kolavuliramo makhololo, ndipo atapimidwa anapezeka ndi chifuwa chachikulu. Anayezedwanso magazi kuona za HIV, monga amachitira ndi wodwala TB ali yense, ndipo mtsikanayo ndi mlongo wake anaunikidwa popeza ankagona nyumba imodzi ndi wodwala. M'zipatala za boma kupima ndi mankhwala a nthendayi n'zaulere. Chovuta chake ndi kutalika kwa ulendo: mankhwala amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Pakatha masabata ochepa chifuwa chimachepa, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo apa m'pamene ena amalekera panjira. Tizirombo totsala timadzukanso, nthawi zina titalimba kotero kuti mankhwala oyamba aja satithanso, ndipo wodwalayo amayamba ulendo wina wovuta kuposa woyamba.

Tchuthi chinatha mphepo ya August itayamba kuulutsa fumbi, agogo atamwa mankhwala masabata awiri okha. Usiku wotsiriza mtsikanayo anakhala pansi ndi mlongo wake, nalemba mizere m'masamba otsala a kope lija, bokosi limodzi pa tsiku, kufikira mwezi wa February. Anamuonetsa dongosolo lake: kudzuka, kutsegula zenera, kuwawerengera agogo, kupemphera, kuwapatsa mankhwala asanadye phala, ndi kuchonga m'bokosi. Tsiku lokatenga mankhwala ena analizunguliza ndi cholembera chofiira, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo analonjeza kumadzaona kopelo.

M'mawa mwake mnyamatayo ndiye anawerenga, napunthwa pa "c" yemwe uja, agogo namkonza. Bulangeti linatsala pamphasa ya agogo. Pofika pa boma la Dedza mtsikanayo anagula kope latsopano asanakwere basi.