Kuphika Chikondamoyo Koyamba: Zimene Wophunzira Ayenera Kudziwa

Lero tikamba za munthu amene wayamba kumene kuphunzira kuphika zakudya za ufa pakhomo, monga chikondamoyo, mandasi, masikono ndi buledi. Munthu ameneyu angakhale mtsikana amene wangolowa m'banja, mnyamata amene wayamba ntchito kutali ndi kwawo, kapena mayi wofuna kugulitsa mandasi kuti apeze ndalama ya sopo ndi makope a ana. Onsewa nkhawa yawo ndi imodzi: ufa wa tirigu, shuga, mafuta ndi mazira ndi zinthu zogula, ndipo chakudya chikapserera, ndalama yapsa nacho pamodzi. Tirigu amalimidwa pang'ono chabe m'dziko muno, m'madera okwera monga Tsangano ndi Neno, ndipo wambiri amachokera kunja. Choncho ufa wake si woseweretsa.

Madandaulo a ophunzira amakhala atatu. Wina amati chikondamoyo chake chinalimba ngati njerwa. Wina amati chinatupa ndithu, koma chinali chowawa ndi chonunkha soda. Wachitatu amati kunja chinada bii, pamene mkati chinali chachiwisi. Ambiri akaona zotere amagwa mphwayi, namanena kuti ali ndi dzanja loipa. Dzanja lilibe mlandu. Vuto lililonse mwa atatuwa lili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikadziwika, kukonza kwake sikuvuta.

Tiyambe ndi kutupa. Chimene chimatupitsa mtanda ndi mpweya wotchedwa carbon dioxide, umene umapanga timabowo mkati mwa chakudya. Mpweyawu umachokera ku zotupitsa zitatu, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Choyamba ndi soda, yemweyo amene timathira m'thelele m'malo mwa chidulo. Soda payekha sagwira bwino ntchito. Amafuna chinthu chowawasa monga chambiko kapena madzi a mandimu. Akakumana ndi chowawasacho amatulutsa mpweya nthawi yomweyo, choncho mukasakaniza musachedwe kuika pamoto. Soda akachuluka, kapena chowawasa chikachepa, wotsalayo ndiye amawawitsa chakudya.

Chachiwiri ndi baking powder. Ameneyu ndi soda yemweyo wosakanizidwa kale ndi chowawasa chouma, motero safunanso chambiko. Mmodzi mwa anthu oyamba kumupanga anali Alfred Bird wa mumzinda wa Birmingham ku England, m'chaka cha 1843, pofuna kuthandiza mkazi wake amene yisiti ndi mazira sizinkamuyanja. Baking powder akalowa chinyontho amatha mphamvu. Muyeseni pothira pang'ono m'madzi otentha: akachita thovu ndiye kuti ali bwino, akangokhala chete mutayeni.

Chachitatu ndi yisiti, ndipo ameneyu ndi chinthu chamoyo. Amadya shuga natulutsa mpweya pang'onopang'ono. Madzi otentha kwambiri amamupha, ozizira amamugoneka. Madzi oyenera ndi ofunda ngati osambitsira mwana wakhanda. Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Mtanda umene ku Chikwawa mwezi wa Okutobala umatupa msanga, ku Dedza kapena ku Mzimba mwezi wa Juni umafuna nthawi yotalikirapo. Choncho musadalire wotchi yokha; dikirani mpaka mtandawo ukule kawiri kuposa mmene unalili.

Palinso kusiyana kwa ufa. Ufa wa tirigu ukakandidwa ndi madzi umatamuka, chifukwa muli chinthu chotchedwa gluten, chimene chimagwira mpweya uja kuti usathawe. Ufa wa chimanga ulibe chinthu chimenechi. Ndiye chifukwa chake chikondamoyo cha mgaiwa wokhawokha chimalemera, pamene chothirako ufa wa tirigu chimafewa. Apanso mpamene pali kusiyana kwa buledi ndi keke. Buledi amafuna kukanda kwambiri, mphindi 10 kapena kuposerapo, koma keke ndi chikondamoyo zimafuna kungosakaniza mpaka ufa wouma usaoneke. Mukazitakasa ngati nsima zimalimba.

Tsopano za muyeso. Ndiwo timathira mchere ndi maso, nkulawa, nkuonjezera. Chikondamoyo chikalowa pamoto simungachilawenso. Sankhani kapu imodzi ndi supuni imodzi zoti muzigwiritsa ntchito nthawi zonse. Kapu ya muyeso imalowa mamililita 250, ndipo supuni yaing'ono ya tiyi imalowa mamililita 5. Dzazani nkusalaza pamwamba ndi mpeni, osati kuunjika ngati chulu. Mulembe m'kope zimene mwathira, kuti chikakoma mudzathe kubwereza, ndipo chikalakwika mudzadziwe posintha.

Nanga amene alibe uvuni atani? Mbaula ndi mphika waukulu zikukwanira. Thirani mchenga woyera ndi wouma pansi pa mphikawo, kukuya kwake ngati zala ziwiri zopingasa, vindikirani, ndipo mulole utenthe kaye. Kenaka ikani mbale ya chitsulo ya chikondamoyo pamwamba pa mchengawo, bwezerani chivindikiro, ndipo pachivindikiropo muike makala a moto. Mchenga umagawa kutentha mofanana, kuti pansi pasapserere. Makala a pamwamba achuluke kuposa a pansi. Chikondamoyo chimene chada kunja koma mkati chili chachiwisi chimaonetsa kuti moto unali waukali: khungu linapsa kutentha kusanafike pakati. Amene ali ndi uvuni wa magetsi auike pa madigiri 180. Musamavundukule kawirikawiri, pakuti kutentha kumathawa ndipo chakudya chimaphwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa amene afuna kuyesa, nawu muyeso wosavuta. Tengani makapu 2 a mgaiwa, kapu 1 ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya shuga, mchere pang'ono, ndi supuni yaing'ono 1 ya soda, musakanize zoumazi bwinobwino. M'mbale ina nyenyani nthochi 3 zakupsa kwambiri, muthiremo dzira 1, masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira, ndi kapu imodzi ndi theka ya chambiko. Phatikizani mbale ziwirizi, nkuthira m'mbale ya chitsulo yopaka mafuta, koma isadzaze, pakuti chakudyacho chifuna malo otupira. Pakatha mphindi 40 bayani pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Ukatuluka ndi phala, onjezerani nthawi.

Tisanatsirize, pali za moyo zimene wophunzira sayenera kuziiwala. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Mbaula ikhale panja kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo musagone nayo m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire motani. Pokazinga mandasi, mafuta akagwira moto musathire madzi, chifukwa motowo umadumpha. Vindikirani chiwayacho ndi chivindikiro chachitsulo. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pamalo popsapo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo bala likakhala lalikulu, kapena wopsayo akakhala mwana, fulumirani naye kuchipatala. Ana aang'ono asasewere pafupi ndi chiwaya cha mafuta.

Mawu otsiriza ndi awa. Yambani ndi muyeso wochepa, kuti chikalakwika musataye zambiri. Poyesanso, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya ndi moto, kaya ndi soda, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ndipo pafupi nanu pali amayi amene akhala akuphika chigumu ndi zitumbuwa zaka zambiri. Pitani mukaone mmene amayalira makala, pakuti safunsa anadya phula.