Kodi mumadziwa? Mmene amasulira dokotala wa njira ya mkodzo

Kodi mumadziwa kuti ku America munthu amatha zaka zosachepera 13 atamaliza sekondale kuti akhale katswiri wa urology? Uyu ndi dokotala wa opaleshoni ya impso, chikhodzodzo, prostate ndi ziwalo za abambo. Zaka 4 amathera ku koleji, zina 4 kusukulu ya udokotala, kenako 5 m'chipatala, akugwira ntchito pamaso pa akatswiri. Zipatala zina zimawonjezera chaka cha kafukufuku.

Kodi mumadziwa kuti kaphunzitsidwe kameneka kanazika mizu pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, chomwe chinatsegulidwa mu 1889? William Halsted, mkulu wa opaleshoni pamenepo, ankafuna kuti ophunzira azigona m'chipatala momwemo ndipo azipatsidwa udindo pang'onopang'ono. Mu 1897 anasankha Hugh Hampton Young, wa zaka 27 zokha, kuti atsogolere gawo la matenda a njira ya mkodzo. Young anadandaula kuti ntchitoyo sakuidziwa, koma Halsted anamuyankha kuti akukhulupirira kuti aiphunzira. Anaiphunziradi. Pofika 1904 anali atachotsa prostate yonse ya munthu wodwala khansa. Wodwala wake wina, mpondamatiki James Buchanan Brady, atachira anapereka ndalama zomangira Brady Urological Institute, yomwe inatsegulidwa mu 1915 ndipo ikusulabe akatswiri mpaka lero.

Nanga zoti wophunzira sayamba ndi opaleshoni yaikulu? Choyamba ndi kulowetsa kapaipi kotulutsa mkodzo mwa bambo amene watsekeka, mwina pakati pa usiku, mimba itatupa, akubuula. Ine ndimati apa ndi pamene dokotala weniweni amaonekera, chifukwa wodwalayo ali ndi ululu komanso manyazi, ndipo dzanja laphuma likhoza kuvulaza njira n'kumusiyira chipsera cha moyo wonse. Kenako amaphunzira kusuzumira m'chikhodzodzo ndi cystoscope, chida chomwe Maximilian Nitze wa ku Germany anaonetsa mu 1877. Kuphwanya miyala ya mu impso ndi kuyendetsa loboti ya da Vinci, yomwe inaloledwa ku America mu 2000, zimabwera manja atakhwima.

Malo ophunzirira ndi ochepa, opikisana ndi ambiri. Bungwe la American Urological Association, lomwe linayamba mu 1902, limayendetsa ntchito yogawa ophunzira m'zipatala: wophunzira amandandalika zipatala zomwe akufuna, zipatala nazo zimandandalika anthu, kompyuta n'kulumikiza.

Kodi mumadziwa kuti kuyambira 2003 ophunzirawa saloledwa kupitirira maola 80 pa sabata, powerengera masabata anayi pamodzi? Kale analibe malire. Imfa ya Libby Zion, mtsikana wa zaka 18, m'chipatala china ku New York mu 1984, ndi imene inadzutsa mkangano wa madokotala otopa ndi osayang'aniridwa mokwanira. Maola 80 akadali ntchito ya anthu awiri.

Mayi woyamba kulandira chiphaso cha ukatswiriwu ku America anali Elisabeth Pickett, mu 1962. Mpaka pano amayi ndi pafupifupi mmodzi pa akatswiri khumi aliwonse kumeneko, chonsecho amayi ambiri amavutika ndi miyala, kudontha kwa mkodzo ndi matenda a chikhodzodzo.

Kuno kwathu njira ina ndi ya COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo Malawi ndi Zambia ndi mamembala. Ophunzira ake amasulidwa m'zipatala za m'maiko awo. Amakumana kawirikawiri ndi zomwe anzawo a ku Baltimore amangowerenga m'mabuku, monga khansa ya chikhodzodzo yoyambitsidwa ndi likodzo lomwe munthu analitenga ali mwana posambira m'nyanja kapena m'dambo.